Filimu yatsopano musailipire mokwera ngati mukuonera nokha

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yathuyi kuti ndiyankhe funso lomwe ndafunsidwa kawiri mwezi uno, koyamba ndi mwana wanga wamkazi kuno ku Leeds komwe ndimakhala, kachiwiri ndi mwana wa achimwene anga amene ali ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Mnyamatayo adandilembera pa WhatsApp pakati pa usiku ndili kuntchito. "Azakhali," adatero, "pali filimu yangotuluka kumene, anzanga onse akuikamba. Akuti kwanuko ikupezeka kale pa intaneti ukalipira. Mungandilipirireko ndi khadi lanu ndionere pa foni?" Nditaweruka ndidamuyankha ndi mawu ochepa, koma nkhaniyi idapitiriza kundizungulira m'mutu, ndipo ndikuona kuti si iye yekha wofunika kuimva. Achinyamata ambiri tsopano ali ndi mafoni otha kuonetsa filimu, ma TV olumikiza pa intaneti ali m'masitolo a ku Limbe ndi ku Old Town, ndipo ife amene tili kunja mapempho otere akutipeza pafupipafupi.

Kwa amene sadakumanepo nazo, ndifotokoze kaye gwero lake. Kale filimu ikatuluka inkakhala m'maholo oonetsera mafilimu kwa miyezi pafupifupi itatu isanapezeke kwina kulikonse. Wofuna kuiona msanga ankagula tikiti, wosafulumira ankadikira DVD. Mliri wa Covid-19 utatseketsa maholo mu 2020, makampani adatsala ndi mafilimu okonzakonza opanda kokawaonetsa. Kampani yopanga mafilimu ya Universal ndiyo idalimba mtima. Mu Epulo chaka chimenecho idaika filimu ya ana yotchedwa Trolls World Tour pa intaneti pa mtengo wa $19.99 ku America, kuti banja lionere pakhomo mkati mwa maola 48. Makolo omwe adali bindikiro m'nyumba ndi ana adalipira mwaunyinji, kampaniyo n'kuona kuti yapeza msika. Eni maholo zidawapweteka. AMC, kampani yaikulu ya maholo ku America, idaopseza kuti sidzaonetsanso filimu iliyonse ya Universal, koma pofika mu Julayi awiriwa adamvana kuti filimu izikhala m'maholo masiku 17, kenako ikhoza kupita pa intaneti pa mtengo wokwera uja.

Disney idabwera ndi njira yakeyake yomwe idaitcha Premier Access. Pa 4 Seputembala 2020 idatulutsa filimu ya Mulan pa Disney+, malo ake oonetserapo mafilimu pa intaneti, ndipo wofuna kuiona ankalipira $29.99 ku America kapena £19.99 kuno ku Britain, pamwamba pa ndalama ya pamwezi yomwe ankalipira kale. Tsiku lina ili ndi lomwe ndikufuna mulisunge: pa 4 Disembala chaka chomwecho, patangotha miyezi itatu, aliyense wolipira Disney+ adayamba kuonera filimu yomweyo osaonjezera ngakhale tambala. Filimu ya Black Widow idayenda njira yomweyo, kutuluka mu Julayi 2021 pa mtengo woonjezera, n'kumasulidwa kwa onse mu Okutobala. Abale athu a ku Joni, omwe Disney+ idawafika mu Meyi 2022, adapeza mafilimu onsewa ali kale m'gulu la zoonera za pamwezi.

Mliri udatha, maholo adatsegulidwa, koma malonda amenewa adakhazikika. Lero kuno ku Britain filimu ikakhala m'maholo masabata angapo imatulukira m'masitolo a pa intaneti monga Prime Video, Apple TV kapena Sky Store, nthawi zambiri pa £15.99 kuibwereka kapena £19.99 kuigula. Ukaibwereka umapatsidwa masiku 30 oti uyambe kuionera, koma ukangoiyamba wotchi ya maola 48 imayamba kuyenda. Pakapita masabata ena mtengo wobwerekera umatsika kufika pansi pa £6. Pakapitanso nthawi, filimuyo imalowa m'gulu la zomwe anthu amaonera ndi ndalama ya pamwezi, kenako ina imadzafika pa TV wamba.

Ndiye mukalipira £15.99 mukugula chiyani? Filimu ndi yomweyo, osewera ndi omwewo, mathero ake sasintha. Chomwe mwagula ndi masabata ochepa oti musadikire, basi. Ine ndimagwira ntchito ya usiku m'nyumba yosamalira okalamba. Mu Epulo 2025 malipiro otsikitsitsa omwe lamulo la kuno limalola kwa munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo adafika pa £12.21 pa ola, ndipo ambiri a ife a ntchito imeneyi timalandira zosatalikirana ndi pamenepo. Choncho £15.99 kwa ine ndi ola lathunthu n'kupitirirako la kunyamula agogo a eni, kuwasambitsa, kuwasinthira zofunda ndi kuwamwetsa mankhwala, msonkho usanadulidwe. Ndalama yotero sindingaitulutse popanda kudzifunsa kuti masabata ndikugulawo ndi ofunika motani.

Sindikunena kuti siyenera kulipiridwa konse. Ndidalipirapo kawiri ndi ndalama yanga, ndipo maulendo awiriwo adasiyana kwambiri.

Ulendo woyamba udali mu Disembala. Mwana wanga wachiwiri, mnyamata wa zaka 10, adathyoka mwendo akusewera mpira kusukulu ndipo adali mu pulasitala kuchokera kuphazi mpaka pabondo. Padali filimu ya makatuni yomwe adakhala akuidikira chaka chonse, ndipo tidamulonjeza kuti tidzapita naye ku holo. Ndi mwendo uja, chisanu chili pansi poterera, sizikadatheka. Komanso ulendo womaliza womwe tidapita ku holo tonse asanu, matikiti, basi ndi tomwaimwa zidatidyera ndalama yoposa £60. Nditaona kuti filimu ija yafika pa intaneti, ndidaimbira amayi anzanga atatu a kutchalitchi, Amalawi okhaokha, tidamvana kuti banja lililonse lisonkhe £4. Loweruka madzulo adabwera ndi ana awo. Kuno mu Disembala kumada cha m'ma 4 koloko, ndiye sitidavutike n'kutseka makatani. Tidakankhira tebulo kukhoma, tidayala mabulangete pansi, wovulalayo tidamugoneka pa sofa mwendo uli pa pilo ngati mfumu. Mayi wina wa ku Nkhotakota adabwera ndi mpunga ndi nkhuku, wina mandasi odzaza beseni, ine ndidakazinga mbuliwuli m'poto wamkulu. Tidalipo anthu 15, ana asanu ndi anayi ndi akuluakulu asanu ndi mmodzi. Filimu tidaiimitsa kawiri, koyamba kuti tipempherere chakudya, kachiwiri kamwana kena katafuna kutaya madzi, zomwe ku holo sungachite. Ana ankaimba nawo nyimbo, azibambo awiri omwe adabwera akuti angotisiya pakhomo adakhala mpaka kumapeto. Mawa lake titachoka kutchalitchi ana adaioneranso maola 48 asanathe. Mukagawa £16 kwa anthu 15 mupeza kuti aliyense adalipira paundi imodzi ndi timakobili. Ndipo mwana wanga, yemwe kwa masabata atatu ankangoyang'ana anzake pazenera, tsiku limenelo adagona akuseka. Ndalama imene ija sindidaidandaulepo ngakhale tsiku limodzi.

Ulendo wachiwiri udali mu Febuluwale. Anzanga kuntchito ankakamba za filimu ina yachikondi usiku uliwonse pa nthawi ya tiyi, ine n'kumangokhala chete wopanda choonjezera. Tsiku lina nditaweruka 8 koloko m'mawa ndidaperekeza wamng'ono kusukulu, n'kubwerera, n'kulipira £15.99 ndili ndekha m'nyumba. Ndidaona mphindi makumi awiri zokha tulo n'kunditenga, monga mudziwa thupi lomwe lachezera usiku wonse. Madzulo adandiimbira kuti mnzathu wadwala, ndikagwire shifiti yake. Nditapeza mpata wokhalanso pansi, maola 48 adali atatha. Palibe amene adandinamiza, zonse zidalembedwa poyera ndisanalipire. Koma zidandiwawa, chifukwa sabata yomweyo amayi anga ku Thyolo adali atandiuza kuti shuga ndi sopo zawathera. Patapita mwezi ndi theka ndidapeza filimu ija ikubwerekedwa pa mtengo wosafika ndi theka lomwe, ndipo pambuyo pake idalowa pomwe timalipira kale pamwezi. Nditaiona mpaka kumapeto idali filimu yabwino ndithu, ndipo kudikirako sikudaichotsere kanthu.

Kusiyana kwa maulendo awiriwa n'kumene ndikufuna owerenga akuone. Mtengo wa $19.99 kapena £15.99 sadauikire munthu mmodzi. Adauika poganizira banja lomwe likadagula matikiti atatu kapena anayi ku holo. Mukakhala gulu, mtengowo umagawika ndipo mwapindula. Mukakhala nokha ndi foni m'manja, mwalipira matikiti a banja lonse kuti mukhale pa mpando umodzi.

Ndikaganiza zimenezi ndimakumbukira ku Zingwangwa komwe ndidakulira m'zaka za m'ma 1990. Kuseri kwa msika kudali kanyumba ka vidiyo sho, mazenera ake otsekedwa ndi makatoni ndi ziguduli, mkati mabenchi a matabwa osapala, panja bolodi lolembedwa ndi choko maina a mafilimu a tsikulo. Sipika ankaiika pakhomo kuti phokoso la nkhonya ndi mfuti liitane anthu. Achimwene anga, bambo ake a mnyamata wandilembera uja, ankasunga timatambala totsala akatumidwa kukagula makala, n'kunditenga mobisa chifukwa amayi sankafuna mwana wamkazi malo otere. Mafilimu a karate omwe tinkaonera ena adali atatha zaka khumi chitulukireni, tepi yake yotopa mpaka zithunzi kumanjenjemera. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adafunsapo kuti filimuyi idatuluka liti. Chomwe tinkalipira chidali kukuwa limodzi woipa akagwa, kuuza mnzako wosamva Chingerezi zomwe iwenso sudamve bwino, ndi kubwerera kunyumba tikuyesezera zibakera mumsewu. Achimwene ankatha kufotokoza filimu yonse kwa anzawo pa mjigo, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo omverawo mawa lake ankapitabe kukaiona ngakhale akudziwa kale yemwe afe. Loweruka lija la mu Disembala m'nyumba mwanga mudamveka phokoso lomwe lija la ku Zingwangwa. M'mawa uja wa mu Febuluwale mudali zii.

Mwana wanga wamkulu, mtsikana wa zaka 14, ali ndi mfundo yake ndipo sindiipeputsa. Iye amati, "Amayi, inu simukumvetsa. Lolemba kusukulu aliyense amakhala akukamba filimuyo. Ukatsegula TikTok anthu aulula kale mathero. Mukati tidikire miyezi iwiri, tidzakhala tikuonera chinthu chomwe ndikuchidziwa kale." Amanena zoona. Kwa mwana wa mlendo m'dziko la eni, yemwe amasiyana kale ndi anzake khungu, dzina ndi chakudya chomwe amanyamula, kukhala wopanda chonena pagulu ndi katundu wolemera. Inenso si zomwezo zidandichititsa kulipira mu Febuluwale? Makampani amadziwa bwino mantha amenewa otsalira m'mbuyo, ndipo mtengo wokwerawo amaumanga pamenepo. Amalengeza filimu kwa miyezi, pa basi, pa foni, pa mapaketi a zakudya za ana, kuti ikamatuluka mtima ukhale utapsa kale.

Tidakhala pansi ndi bambo ake n'kupangana naye motere: kawiri pachaka akhoza kusankha filimu yoti tiilipire ikadali yatsopano, koma theka la ndalamayo lichokere m'thumba mwake, mu ndalama yomwe timampatsa, ndipo aitane anzake adzaonere limodzi. Chiyambireni pangano limeneli wasankha kamodzi kokha. Mafilimu ena onse omwe ankati sangagone osawaona, itafika nthawi yotulutsa £8 yake, adati adikira. Ena adawaiwala n'kuwaiwala. Amayi anga akadamuona akadati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine ndidangoona kuti mwana waphunzira kusiyanitsa chomwe akuchifunadi ndi chomwe akuuzidwa kuti achifune.

Tsopano ndibwere kwathu, poti kumeneko n'komwe nkhaniyi imalemera kwambiri. Kuno ndimalipira intaneti ya m'nyumba kamodzi pamwezi ndipo siitha ngakhale tionere usiku wonse. Mwana wa achimwene anga amadalira bandulo. Netflix imanena yokha kuti kuonera kwa ola limodzi kumadya pafupifupi 1GB zithunzi zikakhala zapakatikati, ndipo mpaka 3GB zikakhala zowala bwino za HD. Filimu ya maola awiri ikhoza kumeza 6GB. Ndiye kuti asanayambe n'komwe kuwerengera mtengo wa filimu, wagula kale tikiti ina kwa kampani ya foni. Kenako pali magetsi. Wotchi ya maola 48 siima chifukwa kwanu kwathima, kapena chifukwa netiweki yathawa mvula itagwa. Ine ndidataya £15.99 chifukwa cha tulo ndi shifiti, m'dziko lomwe magetsi sathima. Nanga iye?

Pali nkhani ya kwacha. Mu Novembala 2023 ndalama yathu idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa moti anthu amagona pa mizere ya mafuta. Ngakhale pa mtengo wa kubanki, £15.99 imapitirira K30,000. Funsani mayi aliyense wa ku Area 25 kuti K30,000 ingagule chiyani pa msika wa Nsungwi, akuwerengerani. Mnyamatayo anganene kuti ndalamayo si yake, ndi ya azakhali a kunja. Koma ndi thumba lomwelo lomwe mumachokera fizi yake ndi feteleza wa agogo ake. Paundi iliyonse yomwe ndapereka ku kampani ya ku America ndi paundi yomwe sidafike ku Thyolo. Komanso mafilimu obwereka amamangidwa ku dziko lomwe akaunti idatsegulidwira, moti nthawi zambiri yolipiridwa ku Britain imakana kutseguka ukakhala dziko lina. Ndikadamvera pempho lake, mwina tikadataya ndalama iye osaona ngakhale chithunzi chimodzi.

Ndikudziwa zomwe owerenga ena akunena m'mitima pofika pano: "Mayi inu mukuvutikiranji, pa burning centre filimu yomweyo aikamo pa flash ndi ndalama yochepa, mwinanso yomasuliridwa kale m'Chichewa." Ndikudziwa, ndipo ndikabwera kumudzi ndimaona ana atadzaza pakhonde akuonera zimenezo. Koma sindidzauza mwana wa achimwene anga kuti njira ndi imeneyo. Filimu yomwe yangotuluka kumene ikapezeka m'njira yotere nthawi zambiri imakhala yojambulidwa mobisa mu holo, mawu osamveka, mitu ya anthu ikudutsa kutsogolo. Masamba a pa intaneti omwe amagawa zinthu zoterezi ndi omwenso amalowetsa mavairasi m'foni, foni yomweyo yomwe mumasungiramo ndalama za mobile money. Ndipo chachikulu, ndi kuba. Tamva oimba athu akulira kwa zaka zambiri, bungwe la COSOMA likuyesetsa kuwatolerera kangachepe, chifukwa chizolowezi chotenga ntchito ya wina mwaulere chidatilowerera. Munthu amene wazolowera kuba filimu ya ku Hollywood sasintha dzanja ikafika ya ku Blantyre. Kudikira masabata angapo kuti mtengo utsike ndi njira yoyera, ndipo siifuna kuti ubere aliyense.

Apa ndiye pali pomwe mtima wanga uli. Ngati muli ndi ndalama yoti mulipire mokwera kuti mukhale oyamba kuona filimu, ilipo filimu yomwe ndalama yanuyo ingasinthe kanthu, ndiyo ya kwathu. Disney siidzagwa chifukwa mayi wina ku Leeds wadikira miyezi itatu. Ngakhale pamene ndalama za Premier Access zidabweretsa mkangano, udali wa anthu olemera okhaokha: Scarlett Johansson, wosewera wamkulu mu Black Widow, adasumira Disney mu Julayi 2021 ponena kuti kuika Black Widow pa intaneti tsiku lomwe idalowa m'maholo kudamuchepetsera malipiro, ndipo adamvana kunja kwa khoti patatha miyezi iwiri. Koma wopanga filimu wa ku Malawi amagulitsa galimoto, amakongola kwa abale, osewera ake ena amagwira ntchito pa lonjezo. Anthu ngati a Shemu Joyah akhala akupanga mafilimu kwa zaka zambiri m'dziko lomwe maholo oonetsera ndi osowa. Mayi Joyce Mhango Chavula adapambana mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice mu 2016 ndi filimu yawo ya Lilongwe, umboni woti luso lilipo. Anthu oterewa akakonza usiku woonetsa filimu koyamba ku BICC kapena mu holo ya hotela ku Blantyre, tikiti imaoneka yodula, inde. Koma usiku umenewo ndi umene amayembekezera kubweza zomwe adalowetsa, chifukwa pakangotha masiku ochepa filimuyo imakhala ili m'mafoni a anthu osalipira. Pamenepo ndalama yoonjezera yoti uone msanga imagula zambiri kuposa masabata. Imalipira wojambula, wosoka zovala, mnyamata wonyamula magetsi, ndipo imatsegula njira ya filimu yotsatira. Ndiponso umaonera pagulu, mu holo yodzaza anthu oseka nthabwala za chilankhulo chako.

Ndichenjezeko pang'ono za liwu loti "kugula", poti ena amati bola kuonjezera £4 filimu ikhale yako mpaka kale. Filimu ya pa intaneti siikhala yako ngati DVD ya mu kabati. Umagula chilolezo choionera pomwe kampaniyo ikadali nayo. Omwe adalipira Premier Access ankaona filimuyo pokhapokha ngati akupitiriza kulipira Disney+ mwezi ndi mwezi. Mu 2022 anthu a ku Germany ndi Austria omwe adagula mafilimu a kampani ya StudioCanal kudzera pa sitolo ya pa intaneti ya PlayStation adauzidwa kuti mafilimuwo achotsedwa m'maakaunti awo. Nkhani zotere zidachititsa boma la California kukhazikitsa lamulo mu 2024 lokakamiza ogulitsa kunena poyera kuti chomwe akugulitsa ndi chilolezo chabe. Kugula kumathandiza pa filimu ya ana aang'ono omwe amaonera chinthu chimodzi kakhumi, koma nayonso mtengo wake umatsika ukadikira.

Kwa anzanga a kuno, a ku Joni ndi kwina komwe maholo alipo, onaninso mitengo ya holo musanadine batani. Maholo ambiri amakhala ndi masiku otsika mtengo mkati mwa sabata, ndipo munthu mmodzi kapena awiri nthawi zambiri amalipira zochepa ku holo kusiyana ndi £15.99 ya pa sofa, n'kuona filimuyo pa chinsalu chachikulu chomwe adaipangira. Amene muli ndi khanda, wodwala kapena wokalamba m'nyumba, kapena mumakhala kutali ndi tawuni, inu ndiye malondawa adakuganizirani, ndipo musachite manyazi kulipira. Ingoyambani filimuyo tsiku lomwe mukudziwa kuti muimaliza, ndipo itanani anansi.

Mwana wa achimwene anga ndidamuuza kuti filimu ijayi sindimulipirira, aidikire, ifika yokha pomwe angaione motchipa. Ndidamuuzanso kuti tsiku lomwe adzamve kuti kukuonetsedwa filimu ya Chimalawi koyamba mu Lilongwe, andiuze, tikiti ndidzagula ine. Adangoyankha kuti, "Chabwino azakhali," n'kukhala chete masiku anayi, ndipo ndidadziwa kuti wakhumudwa. Lachisanu lapitali wanditumizira chithunzi cha chikalata cholengeza filimu ina ya kwathu, atazunguliza mtengo wa tikiti ndi cholembera chofiira, pansi pake atalemba kuti akufuna matikiti awiri chifukwa pali mnzake wina woti apite naye. Dzina la mnzakeyo sadanditchulire. Ndatumiza ya matikiti awiri ndi ya minibasi, ndipo ndamuuza kuti akabwerako adzandiimbire andifotokozere filimu yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, monga ankachitira bambo ake pa mjigo ku Zingwangwa.

Ine wanu,
Mayi wa ana atatu,
Leeds, Britain